Uzifunsa Dzina la Chitsulo Usanachiike Pamoto

Wokondedwa mwana wanga Tadala,

Lero ndatseka shopu dzuwa likadali pamutu, ndipo ng'anjo sindinaiyatse n'komwe. Iwe wapita kwa Zulu kukatsanzikana ndi azakhali ako, mayi ako ali kuseri akukazinga mtedza woti unyamule, ndiye ine ndakhala pabenchi pansi pa mtengo wa mango ndi pepala ndi cholembera. Mawa m'mawa ukwera minibasi ya ku Lilongwe, kenako ndege ya ku Joni, kukayamba ntchito kukampani yopanga zipangizo za ndege. Ndimati ndikamauza anthu pamsika amandifunsa kawiri. Mwana wa munthu woumba mapoto pa Mchinji Boma pompano, azikasankha chitsulo chopangira mapiko a ndege. Inenso ndimadzifunsa kawiri, kenako ndimangothokoza Mulungu.

Za aluminiyamu iwe ukudziwa zambiri kuposa ine, ndipo zimenezi ndimazinena poyera. Sindikulemba kuti ndikuphunzitse ntchito yako ayi. Ndikufuna ndikuuze zimene chitsulo chimenechi chinandionetsa ine, ndi anthu amene anandigwira dzanja pamene ndikanagwa. Nkhani zina wazimvapo pang'onopang'ono, koma sindinakuuzepo zonse mwatchutchu. Uziwerenge modekha, mwana wanga, usiku uno usanagone.

Agogo ako aamuna atamwalira ine sukulu inathera pomwepo. Ndinali kamnyamata kopanda ndevu pamene ndinadutsa malire kupita ku Chipata kukasaka ganyu. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi a Tembo, munthu woumba mapoto, wamfupi, wosalankhulalankhula. Sanali m'bale wathu, sanali wampingo wathu, koma anandipatsa pogona ndi ntchito yopukusa mvukuto. Pabwalo pawo panali milu ya zitsulo zakutha. Mulu wina unali wa mapisitoni ndi mitu ya injini, wina wa mapoto akale ndi malata, wina wa mafelemu a mawindo. Ndiye panali kamulu kena pansi pa mtengo, kamene sankakakhudza. Ine ndinkaona ngati n'zokomeza chabe za munthu wamkulu. Zonsezo zinali zoyera, zonsezo zinali zopepuka, maginito sankagwira chilichonse mwa izo. Kwa ine zonse zinali aluminiyamu basi.

Tsiku lina a Tembo anapita kukagula makala, nandisiyira ntchito yosungunula. Mapisitoni anachepa. M'malo modikira, ndinapita pakamulu kapansi pa mtengo kaja ndi kutengapo chikhokho cha giyabokosi ya galimoto yakale. Chinali choyera bwino ndiponso chopepuka kuposa zinzake, moti ndinkati ndapeza chabwino koposa. Ndinachiswa ndi hamala ndi kuponya zidutswa mumphika wosungunulira. Pasanapite nthawi mumphikamo munabuka moto umene sindinauonepo chibadwire, woyera kuti mbee, wothobwa m'maso kuposa dzuwa. Ndinathamangira ndowa ya madzi. Ndili pafupi kukhuthula, ndinangomva dzanja likumenya ndowa ija, madzi onse n'kutayikira kumbali. Anali a Tembo, atangoponya njinga ya makala pansi.

"Iwe mufana, osaikako manzi! Ufuna kutipaya tonse?"

Anandikankhira kutali, natenga fosholo n'kuyamba kuthira mchenga wouma wa m'zikombole mpaka moto uja unatsamwa. Zipsera zimene zili pamkono wanga wamanja, zimene unkakonda kuzisisita uli wakhanda, n'zatsiku limenelo. Ndikanathira madzi aja, mwina lero sindikanakhala ndi maso owerengera zimene ndikulembazi.

Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa. Koma sanatero. M'mawa mwake anabwera ndi kabotolo ka viniga ndi tupa. Anapala pachidutswa cha pisitoni n'kudonthezapo viniga, ndipo panalibe chimene chinachitika. Anapala pachidutswa chotsala cha giyabokosi ija n'kudonthezaponso, viniga n'kuyamba kuchita thovu ngati mowa wamasese. Anandiuza kuti chimenecho ndi magineziyamu, m'bale wake wa aluminiyamu pankhope koma osati pamtima. Anandipatsanso chogwirira cha chitseko cha galimoto kuti ndichinyamule, ndimve kulemera kwake, n'kundiuza kuti icho ndi zinki. Kenako anati chitsulo chilichonse chili ndi dzina lake, ndipo munthu usamachiike pamoto usanachifunse dzina. Kamulu kapansi pa mtengo kaja kanali ka zitsulo zimene iwo eni sanazidziwe bwino mayina.

Tadala, a Tembo anamwalira iwe usanayambe sukulu, koma nsima imene wakulira inachokera m'manja mwawo. Uziwakumbukira ngati agogo ako. Ndipo unandiuza kuti kumene ukupitako chitsulo chilichonse chimabwera ndi nambala yodindidwa pathupi pake, ndi chikalata chonena kumene chinasungunulidwa ndi zimene anasakanizamo. Ukadzapeza chimene nambala yake yafufutika, ngakhale chikuwala chotani, ngakhale ntchito ikuthamanga ndipo aliyense akukuyang'ana, uchiike pambali. Usachite manyazi kunena kuti sindikuchidziwa. Munthu amene anandiphunzitsa ine ntchito anali ndi mulu wathunthu wa zimene sankazidziwa, ndipo sanaubisepo.

Nditabwerera kuno ndi kukwatira mayi ako, poto woyamba amene ndinaumba mushopu yangayanga ndinawapatsa iwo ngati mphatso. Mapisitoni nthawi imeneyo ankasowa, ndiye ndinasungunula zitini za zakumwa ndi mafelemu a mawindo. Chitsulo chake chinkayenda mwaulesi m'chikombole, phulusa lake linali lambiri, koma poto anatuluka ndithu ndipo ndinamupala mpaka anawala. Mayi ako anamuteleka pamoto ndi nyemba. Posakhalitsa moto unayamba kulira, madzi akudontha pansi pa poto kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso. Sanandiseke pamaso pa anthu. Anangondiitana n'kundifunsa ngati ndinawaumbira poto kapena sefa. Mpaka lero akafuna kunditsitsa amangotchula sefa.

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kuti kudziwa kuti ichi ndi aluminiyamu sikokwanira. Aluminiyamu wa pisitoni amayenda m'chikombole ngati phala lamadzi, koma ukati umupinde amathyoka. Wa malata amapindika mmene ukufunira, koma kuumba amakana. Ine ndinkazidziwa ndi manja okha. Iwe ndi amene unadzandipatsa zifukwa zake utayamba koleji ku Blantyre, kuti wa pisitoni amathiramo silikoni wambiri, kuti wa mapoto a m'sitolo ndi 3003, kuti 5052 saopa madzi amchere, kuti 6061 ndi wantchito zambiri ndipo amalola kuwotcherera, kuti 2024 ndi 7075 ndi amene amanyamula ndege. Manambala amenewa ndinawaloweza ngati mavesi, ndipo ndimawatchula pabawo anzanga n'kumandiyang'ana ngati ndapenga.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi chimene unanena nditakufunsa kuti bwanji osangopanga chilichonse ndi 7075, poti ndiye wamphamvu koposa. Unaseka. Unati wamphamvuyo safuna kuwotcherera, ndipo akakhala pachinyezi atasenza katundu nthawi yaitali amatha kung'aluka mwakachetechete. Unati 2024 amapirira kugwedezeka koma dzimbiri limamudya msanga akapanda kutetezedwa. Unati injiniya asanasankhe amayamba wafunsa kuti chipangizochi chidzasenza chiyani, chidzakhala potentha kapena ponyowa, ndipo chidzalumikizidwa bwanji ndi zinzake. Mafunso amenewo usadzawasiye, mwana wanga, ngakhale utadzazolowera ntchito mpaka kumayankha uli m'tulo. Ine ndikanawadziwa kale, nkhani imene ndikufuna kukuuza tsopanoyi sikanachitika.

Iwe unali ku pulayimale pamene amayi a mpingo wina wa kwa Mkanda anabwera kushopu. Mudzi wawo uli kutali ndi chipatala, ndipo ankafuna kangolo kokokedwa ndi njinga konyamulira odwala ndi amayi oyembekezera. Anali nako kale kopangidwa ndi chitsulo chakuda, koma kanali kolemera kwambiri moti pamchenga ndi pazitunda wopalasa ankachita kutsika n'kumakankha. Anandipempha kuti ndiwapangire kopepuka. Ine ndinali nditagula mapaipi a aluminiyamu othirira mbewu, ochokera kuesiteti ina ya fodya imene inatsekedwa. Anali owongoka, opepuka, ndipo ukawaponda sankaphwanyika. Ndinawadula, ndinawawotcherera ndi gasi m'makona monse, ndinaika mawilo a njinga ndi kadenga ka lona. Kanakongola, Tadala. Tsiku limene anabwera kudzakatenga, amayi aja anaimba nyimbo pakhomo pa shopu. Ine ndinagonapo ndekha kuti aone kulimba kwake, mnyamata wina n'kundikoka kuzungulira msika anthu akuseka.

Kanagwira ntchito chilimwe chonse. Mvula itayamba, misewu itakumbika, ndinaona bambo wina akubwera kushopu atanyamula chidutswa cha paipi m'manja. Ndinachizindikira asanafike n'komwe. Anati dzina lawo ndi a Mwale, a m'mudzi uja. Mkazi wawo anayamba kumva kupweteka kwa pakati mbandakucha, ndipo anamugoneka pakangolo kaja, iwo akupalasa, amayi awiri akutsatira wapansi. Atafika potsetsereka pafupi ndi dambo, wilo linagwera m'dzenje, paipi yolumikiza kangoloko kunjinga n'kuduka. Kangolo kanapendekeka, mayi uja n'kugwera m'matope a m'mbali mwa msewu. Panalibenso zopitiriza ulendo. Amayi aja anatchinga ndi zitenje, mwana n'kubadwira pomwepo. Kenako anthu a m'mudzi wapafupi anabwera ndi ngolo ya ng'ombe n'kuwafikitsa kuchipatala.

Pamene ankafotokoza, ndinkaopa kufunsa funso limene linali pakamwa panga. Iwo anaona, ndipo anati mayi ndi mwana onse ali moyo, mwana ndi wamkazi, mayi anangovulala paphewa. Ndinakhala pansi padothi. Ndinkayembekeza kuti anditengera kupolisi kapena anditukwana pamaso pa anthu a pamsika, ndipo akanatero sindikanayankha. Koma iwo anandipatsa chidutswa chija n'kunena kuti:

"Amisiri, sindinabwerere mlandu. M'mudzi mwathu muli amayi ena oyembekezera. Tikonzereni kuti kasadukenso."

Mawu amenewo sindinawaiwale. Munthu amene mkazi wake anagwera m'matope chifukwa cha ntchito ya manja anga ankaganizira za akazi a anzake. Ndinapita ndekha kwa Mkanda panjinga, ndinakatenga kangolo kaja, ndinachotsa mapaipi onse osenza katundu n'kuikamo achitsulo chakuda opyapyala. Aluminiyamu ndinamusiya kudenga kokha, ndipo sindinamuwotcherere, ndinamumanga ndi mabawuti. Ndinatero chifukwa cha mantha, osati chifukwa chodziwa. Chimene chinkandizunguza n'chakuti paipi ija sinaduke pamene ndinawotcherera. Powotcherera panali polimba bwinobwino. Inadukira pambali pake, ngati chala chimodzi kuchokera pamsoko. Ndinasunga chidutswa chija pashelefu zaka zambiri, ndikumachitembenuza, osapeza yankho.

Yankho linabwera ndi iwe, patchuthi chako chachiwiri cha kukoleji. Unachipeza ukusesa mushopu, ndipo nditakufotokozera unachiyang'ana pang'ono n'kundiuza kuti mapaipi otero mphamvu yawo si yobadwa nayo. Amaipeza kufakitale, ena pokokedwa ndi kupsinjidwa, ena potenthedwa ndi kuziziritsidwa mwa muyeso. Unandionetsa m'buku lako chilembo cha T6 chimene chimalembedwa kumapeto kwa nambala ya chitsulo, n'kunena kuti chimatanthauza mmene chitsulocho chinaphikidwira. Moto wa gasi wanga unafafaniza zonsezo m'mbali mwa msoko, paipi n'kubwerera kukhala yofewa. Kenako unatenga kawaya n'kuyamba kukapinda uku ndi uku pamalo amodzi mpaka kanaduka kokha, n'kunena kuti dzenje lililonse la mumsewu wa kwa Mkanda linkachita zomwezo pamalo ofewawo. Unati n'chifukwa chake zigawo zambiri za ndege amazilumikiza ndi maliveti, timisomali tokhomedwa mbali zonse ziwiri, m'malo mowotcherera.

Ndinakuyang'ana tsiku limenelo, mwana amene ndinkamunyamula pahandulo ya njinga popita naye kusikelo, akundimasulira chinthu chimene chinandisowetsa mtendere zaka zonsezo. Sindinakuthokoze mokwanira. Ndinangoti chabwino, n'kupitiriza kupala poto. Ndikukuthokoza lero. Ndipo ndikukupempha kuti uzikumbukira mkazi wa a Mwale. Kuntchito kwako udzaona zojambula pakompyuta, manambala ndi zitsulo zonyezimira, koma anthu odzakwerapo sudzawaona nkhope. Ine ndinagona pakangolo kanga tsiku limodzi pamsewu wosalala n'kunena kuti n'kolimba. Iwe usakhutire ndi tsiku limodzi. Uzifunsa kuti chipangizochi chidzakhala bwanji mvula ikagwa kambirimbiri, chikagwedezeka kambirimbiri, ndipo amene ali pamwamba pake sangathe kutsika.

Mtsikana amene anabadwira m'mbali mwa msewu uja tsopano ali ku sekondale. A Mwale akabwera pa Boma kudzagulitsa mtedza amadutsira kushopu, ndipo atamva za ulendo wako anabweretsa nkhuku. Ndi imene tinadya Lamulungu ija. Sindinakuuze kumene inachokera chifukwa ndinkadziwa kuti ndikayamba kufotokoza mawu andithawa.

Nkhani yomaliza ukuidziwa bwino chifukwa mwiniwake ndiwe, koma ukudziwa mbali yako yokha. M'chaka chako chomaliza unatenga tizidutswa ta mapoto anga kukayeza kulabu ya kukoleji. Unabwera patchuthi uli wofatsa modabwitsa, osadya bwino, n'kumandizemba. Ndinkaganiza kuti mwina walephera mayeso, kapena pali mnyamata amene wakukhumudwitsa. Unayamba wauza mayi ako, ndipo iwo anasunga masiku angapo asanakulimbitse mtima. Kenako unabwera kushopu anthu atachoka, unakhala pachitini cha penti, n'kundiuza kuti ena mwa mapoto anga muli mtovu. Unati umachokera ku zitsulo zosakanizika zimene ndinkagula kwa otola, maradiyeta omatidwa ndi mtovu, tizitsulo ta m'mainjini, ndi zina zotero. Unati munthu akamaphikiramo zowawasa ngati matimati kapena chidede, mtovuwo umasungunukira m'ndiwo pang'onopang'ono, ndipo umapweteka kwambiri ana aang'ono, ubongo wawo sukula bwino.

Ndinakwiya, ndipo unaona. Ndinakuuza kuti mapoto amenewo ndi amene akulipirira sukulu imene ikukupatsa mwanowo. Iwe sunayankhe mokweza, ndiponso sunabweze mawu ako. Misozi ikutsika unangoti:

"Ababa, ndikanakhala kuti sindikukondani ndikanangokhala chete. Koma mumapoto amenewa akudyeramo ana a anthu."

Mbali imene sukuidziwa ndi iyi. Utachoka ndinapita kumsika ngati ndikukagula misomali, koma ndinkangoyenda. Paliponse pamene ndayang'ana panali poto wanga. Amayi ogulitsa nyemba zophika, achiwaya, mayi wina akupakulira mwana wake phala kumbuyo kwa benchi ya tomato. Ndinaima n'kumamuyang'ana mwanayo akunyambita supuni. Ndinabwerera kunyumba mkwiyo utatha, patatsala mantha okha. Mayi ako anandiuza kuti Mulungu watipatsa mwana woona zimene ife sitingaone, ndiye tisamutseke pakamwa.

Zimene zinatsatira unazionako pang'ono. Tinakhala pansi iwe ndi ine n'kusankhanso milu yonse. Zophikira ndinayamba kuumba ndi zitsulo zokhazo zimene unandiuza kuti ndingazikhulupirire, ndipo unatenganso zidutswa zatsopano kukayeza kuti titsimikize. Zosakanizika zonse zinapita ku zinthu zosakhudza chakudya, mapule a zigayo, zogwirira za mageti, mawilo a mawilibala. Amene ndinkawakumbukira kuti anagula mapoto okayikitsa ndinawalondola n'kuwasinthira. Ena anathokoza, ena anandiseka, ena anafalitsa kuti mapoto anga ali ndi poizoni, ndipo kwa nyengo ndithu pakhomo pa shopu panamera udzu. Chaka chimenecho tinadalira munda wa mayi ako. Koma anthu anabwerera, ndipo anamwino a pa Boma pano akafuna poto amabwera kwa ine, n'kumauzanso anzawo. Amisiri anzanga ena andifunsa mmene ndimasankhira, ndipo ndimawauza zonse, sindibisa.

Ndiye tamvera, Tadala. Tsiku lina kuntchito kwako adzabwera munthu wamkulu kuposa iwe, wovala bwino, wolankhula Chizungu chothamanga, n'kukuuza kuti chitsulo chimene chinalembedwa chachedwa kufika, tiyeni tiikepo ichi, n'chofanana ndithu. Mwina adzakhala akunena zoona, ndipo uyambe wamvetsera, wafufuza, wafunsa amene anakutsogolera pantchito. Usakhale munthu wokana chilichonse pofuna kuoneka wanzeru. Koma ukafufuza n'kupeza kuti sichofanana, unene. Udzakhala mlendo, udzakhala mkazi pakati pa amuna ambiri, udzaopa kuti akubweza kwanu. Pamenepo ukumbukire kuti unauzapo bambo ako okubereka zimene sankafuna kumva, uli pachitini cha penti, ndipo unapulumutsa ana amene sadzakudziwa dzina. Bwana aliyense ndi wochepa poyerekeza ndi zimenezo. Unene mwaulemu monga unachitira kwa ine, osakweza mawu, osanyoza munthu, koma osabweza. Akakwiya uwapatse nthawi. Anthu ena timafunika kuyenda kaye mumsika tisanamve.

Ndipo nawenso udzalakwitsa, usadzinamize. Ukadzalakwitsa usabise chidutswa chodukacho. Upite nacho wekha kwa amene akuyenera kuchiona, lisanathe tsiku. Ine ndakhala ndi mwayi waukulu pamoyo wanga, chifukwa nthawi zonse pamene ndinaphonya panali munthu pafupi amene anasankha kundikonza m'malo mondiphwanya. Ndikupemphera kuti nawenso ukapeze anthu otero. Ndipo ukadzakula pantchito, wina wamng'ono akadzaphonya pamaso pako, udzamuchitire zomwezo.

Zina n'zazing'ono koma usazitaye. Ukafika upeze mpingo msanga, usadikire kuti uyambe wavutika. A Malawi anzako kumeneko uziwapatsa moni ndi kudya nawo, koma si aliyense wolankhula Chichewa amene ali m'bale wako. Anthu ogwira ntchito pamakina, odula ndi opala zitsulo zimene iwe wasankha, uziwadziwa mayina ndi kuwafunsa mmene chitsulo chikuyendera pampeni, chifukwa inu nonse mukusenza denga limodzi. Uzivala magalasi otchinga maso ngakhale ena asakuvala. Uzidya, chifukwa ndimakudziwa, ukatanganidwa umaiwala. Za banja sindikukuthamangitsa, ndipo azakhali ako akamakufunsa uzingoseka. Ukadzamupeza munthu, udzaone mmene amachitira ukamuuza kuti walakwitsa, kenako udzabwere naye kuno tidzamuone. Mayi ako uziwaimbira foni Lamulungu lililonse. Adzakuuza kuti zonse zili bwino ngakhale zisali bwino, ndiye uzifunsa kawiri.

Anthu ayamba kale kutiuza kuti tsopano tapuma, mwana atimangira nyumba ya malata ofiira. Usawamvere, ndipo usapite ndi katundu ameneyo pamutu. Ife sitinakulere ngati mbewu yoti tidzakolole. Zimene unayenera kutipatsa unatipatsa kale, ndipo zinaposa zimene tinkayembekeza. Manja anga akadali olimba, munda wa mayi ako ukubereka. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ukaona kuti kumeneko ndi kumene ntchito yako ikukula, khala, usabwerere chifukwa chotimvera chisoni. Ukadzafuna kubwerera, ubwere chifukwa mtima wako wafuna, ndipo chipinda chako tidzakhala tikuchisesa.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempha cha mawa. Mayi ako akhala akudzilimbitsa sabata yonseyi, koma dzulo ndinawapeza atakhala pabedi pako atagwira chipeso. Akufuna akuluke tsitsi m'mawa usananyamuke, koma akuopa kukuuza, akuti mwina ukufuna kukalukitsa kusaluni ku Lilongwe monga amachitira anzako. Ndikudziwa kuti maluko awo ndi akale, ndipo amakoka mpaka misozi. Udzuke msanga, utenge mpando waung'ono uja, ukhale pakati pa miyendo yawo osadikira kuti akuitane. Akachedwa usayang'ane wotchi. Minibasi ikatisiya tidzakwera ina.

Ambuye akutsogolere pamtunda ndi mumlengalenga, akupatse maso oona bwino ndi mtima wosaopa kunena zoona. Pita bwino, mwana wanga. Ndanyadira kukhala bambo ako.

Ndine,
Bambo ako